Apongozi Sanasochere

Apongozi anga anasiya simbi yamagetsi ili chiyakire pa tebulo n'kupita kukameta. Pobwera anapeza tebulo labooka, buluku la kasitomala lasanduka phulusa, aneba ali pakhomo ndi zidebe zamadzi. Ndi telala, ndipo chimwalirireni apongozi aakazi amakhala okha m'kanyumba kawo kumudzi, makina osokera ali pawindo. Aka sikanali koyamba kuiwala zinthu.

Mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, anati basi zakwana, bambo asamukire ku tauni. Iyeyo amakhala nyumba ya m'mwamba yokwera ndi masitepe, ndiye akamati ku tauni ankatanthauza kwathu. Mkazi wanga anakana. Sikuti sankawafuna bambo ake ayi, koma ankati munthu ngati ameneyo ukamuchotsa pawindo lake wamupha. Ndine makaniko, ndipo chipinda chomwe ankachinena mosachitchulacho ndimasungamo matayala ndi zitsulo zanga. Komabe pa nkhani zotere ntchito ya mkamwini ndi kuyendetsa galimoto.

Tinapita Loweruka kukakambirana. Mkuluyo anamvetsera ana ake akukangana, akulowetsa ulusi pa singano, mpaka anatopa nazo.

"Mukuti mutu wanga watha?" anafunsa. "Kuseri kwa phiri ilo kuli mathithi. Ndinapitako komaliza ndi mayi anu, iwe uli kumsana." Analoza mkazi wanga ndi singano. "Mawa ndikutsogolerani. Ndikasochera, mundinyamule ngati katundu. Ndikakufikitsani, mundisiye m'nyumba mwanga."

Mlamu anaseka n'kuvomera. Ankadziwa kuti wapambana kale. Mkazi wanga anavomeranso, koma osaseka.

M'mawa mwake ndinayendetsa mpaka pamene msewu unathera, pa mlatho wamatabwa womwe sindikanaukhulupirira ngakhale ndi wilibala. Tinasiya galimoto pamenepo. Mkazi wanga ananyamula fulasiki ya tiyi ndi buledi, ine madzi. Mlamu anabwera ndi nsapato za ku ofesi, zosongoka kutsogolo, ndi foni yomwe ankati ili ndi mapu. Titangowoloka mlatho netiweki inathawa, mapu aja n'kungotsala kadontho kabuluu pakati pa chabe.

Apongozi anali patsogolo ndi ndodo, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse. Tinadutsa minda ya anthu, kenako tchire la udzu wofika m'chiuno. Njira inagawikana pa mwala waukulu wong'ambika pakati. Ya kumanja inali yotakata, yopondedwa ndi ng'ombe. Ya kumanzere sinkaoneka n'komwe.

"Kumanja, bambo," anatero mlamu.

"Kumanja kumapita ku dibi la ng'ombe. Ngati ukufuna kukasamba kumeneko, pita."

Analowa kumanzere. Tinatsatira, minga ikutikoka malaya. Mlamu anandinong'oneza kuti ndiziponya miyala m'njira kuti tisavutike pobwerera, poti apa ndiye tayamba kusochera. Ndinamuyankha kuti phiri lonseli ndi miyala yokhayokha, yangayo ndikaizindikira bwanji?

Kukwera kunayamba. Ndinene zoona, phiri si malo anga. Anthu amati kumtunda kuli mpweya wabwino, koma ine mpweyawo sindinauone, unkangondithera. Mlamu ndiye anali pa moto. Thukuta linadutsa malaya mpaka jekete, ndipo nsapato imodzi inayamba kuyasama kutsogolo. Mkulu wa zaka zakezo ankangoyenda pang'onopang'ono osapuma, akutchula zinthu tisanazione.

"Kutsogoloku kuli mkuyu, mizu yake yakumbatira thanthwe."

Tinaupeza mkuyuwo, mizu ili chikumbatire.

"Tikapitirira pali phanga la mileme. Mayi anu anakana kulowamo."

Phanga linalipo, ndipo fungo lake linatilonjera tisanafike. Mkazi wanga ankanditembenukira nthawi iliyonse, maso akuwala, ngati kuti ine ndi amene ndinkatsutsa.

Pamwamba pa chitunda tinapeza vuto. Anthu anali atadula mitengo yonse mbali imeneyo, patsala zitsa ndi maenje akuda a makala. Apongozi anaima. Anayang'ana uku ndi uku. Mlamu anakhala pa chitsa, navula nsapato yoyasama ija.

"Bambo, palibe chochititsa manyazi apa," anatero mofatsa, ndipo ndikhulupirira kuti ankanenadi ndi mtima wabwino. "Tiyeni tibwerere."

"Achimwene, apatseni mpata," anatero mkazi wanga.

Mkuluyo anayendayenda pakati pa zitsa mpaka anapeza kakhwawa kouma, kodzaza masamba. Anakagogoda ndi ndodo.

"Mitengo adula, koma ichi sanganyamule. Madzi saiwala khwawa. Tiyeni."

Tinatsika motsatira khwawalo, pena chokhala pansi. Mchenga unayamba kunyowa, kenako timadzi, kenako phokoso lomwe poyamba ndinaliyesa lole ili patali. Titakhota pa thanthwe lina, mathithi aja anali pamaso pathu. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba kutalika ngati nyumba zitatu zosanjikizana, n'kugwera mu dziwe lobiriwira, ndipo nthunzi yake inkatinyowetsa tili chapatali. Ndi okongola, sindikana. Koma ine chomwe ndinkaganiza n'chakuti njira yonse ija tiyendanso pobwerera.

Mkazi wanga anakuwa ngati kamtsikana, nawakumbatira bambo ake. Mlamu anaima nsapato imodzi ili m'manja, akupukusa mutu.

"Ayi, mwandigonjetsa, bambo," anatero. "Khalani m'nyumba mwanu. Simbi yokha tikugulirani yozima yokha."

Anagwirana chanza. Kenako mlamu anatsetserekera kumunsi kwa dziwe kukajambula ndi foni ija, kuti nayonso igwireko ntchito.

Ife tinakhala pa mwala wafulati. Apongozi anavula nsapato, napinda buluku bwinobwino mpaka m'mawondo, naviika mapazi m'madzi. Mkazi wanga anawathirira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki. Anachilandira ndi manja awiri, namuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero. "Mwachita bwino kundiperekeza. Kodi kwanu n'kuti?"

Mkazi wanga anaseka pang'ono, poyesa nthabwala. Mkuluyo sankaseka.

"Ndili ndi mwana wamkazi," anapitiriza. "Akadali wamng'ono, sangakumbuke kuti anafikako kuno. Akakula ndidzabwera naye adzaone yekha. Amakonda madzi ameneyo, pomusambitsa salira."

Ndinayang'ana kumunsi. Mlamu anali kutali, atatipatsa msana, ndipo ndi phokoso la madzi lija sakanamva kanthu ngakhale tikanakuwa. Tinamva ndife awiri basi. Mkazi wanga anagwira buledi osamudula, osamubweza m'pepala. Ndakhala naye zaka zambiri mayi ameneyu, ndamuonapo akulira pa maliro ndi pa zinthu zopanda pake, koma nkhope imene anali nayo pamenepo sindinkaidziwa. Zinandiwawa, ndisaname.

"Mudzabwere naye, bambo," anatero pomaliza. "Adzasangalala."

"Eya. Nanga awa ndi amuna anu?"

"Ndi amuna anga."

"Akuoneka munthu wabwino. Koma buluku lawo ndi lalitali, adzabwere nalo ndidzalipinde."

Anamaliza tiyi, napukuta mapazi ndi mpango. Pamene mlamu ankabwerera kudzationetsa zithunzi, mkuluyo anamuitana mwana wake wamkazi ndi dzina lake la paubwana, n'kumuuza kuti asaiwale fulasiki. Zinali ngati palibe chachitika.

Pobwerera anatitsogoleranso osaphonya ngakhale pamodzi. Mlamu ankayenda chotsimphina, nsapato atamanga ndi chingwe cha fulasiki, akunena kuti Lolemba akawauza anzake ku ofesi kuti bambo ake ndi mapu oyenda. Mkazi wanga anali kumbuyo kwenikweni. Za pa mwala paja sanamuuze mchimwene wake, ndipo ine sindinamufunse. Kuulula kapena kubisa zinali zake, bambo ndi ake.

M'galimoto mlamu anagona tisanafike n'komwe pa msewu waukulu, kukamwa kuli yasa. Apongozi anakhala kutsogolo pambali panga, ndodo ili pakati pa miyendo, akuyang'ana phiri pagalasi.

"Akamwini," anatero, "mwaona? Ankati ndisochera."

"Simunasochere, bambo."

"Ndigona m'nyumba mwanga."

"Lero mugona m'nyumba mwanu," anayankha mkazi wanga kuchokera kumbuyo.

Mkuluyo anagwedeza mutu mokhutira, ndipo posakhalitsa nayenso anagona. Tinayenda kamtunda ndithu, kukumveka injini yokha ndi mkonono wa anthu awiri. Kenako mkazi wanga anasendera kutsogolo, naika chibwano pa mpando wanga.

"Mawa muchotse matayala anu m'chipinda muja," anatero motsitsa mawu.

"Chabwino."

"Makina osokera angalowe pa chitseko chija?"

"Tikachotsa miyendo alowa."

"Muwaike pawindo."

Ndinati ndiwaika pawindo. Tepi yoyezera inali itatsetsereka m'khosi mwa apongozi, ndipo mkazi wanga anatambasula dzanja n'kuibwezera bwinobwino kuti isagwe.