Ngongole ya Kachewere ndi Nyumba ya a Zikhalo

Tsiku limene banki inawakaniza ngongole yogulira nyumba, a Misheck Zikhalo anandidutsa pachipata ngati chitsa. Munthu wopatsa moni ngakhale ana oyamwa, koma tsiku limenelo anangowerama, jekete ili m'manja, chisanu cha Juni chikuwomba monga chimachitira kuno ku Dedza.

Ine ndine Marita, neba wawo. A Zikhalo ndi mphunzitsi wa kusekondale, ndipo akazi awo, a Magadalena, amagulitsa kabichi ndi tomato pamsika. Nyumba imene amakhala inali ya lendi, ndipo mwana wawo Sophie anabadwira ndi kukulira momwemo. Eni ake, a Mandla, anali atakalamba ndipo ankafuna kuigulitsa kuti akakhale ndi ana awo ku Lilongwe. Mkulu wina wogulitsa matabwa anali ataisirira kale. Koma a Mandla anauza a Zikhalo kuti, "Oyamba ndinu. Ndikudikirani mpaka tidzakolole chimanga chikubwerachi. Mukalephera musadzandide."

Madzulo ake a Magadalena anandiuza zonse tikuanula zovala. Ku banki anati mbiri ya ngongole ya amuna awo ndi yoipa. Ndinaseka, chifukwa a Zikhalo sakongola ngakhale mchere kuokala.

Koma nkhani inalipo. Zaka zingapo m'mbuyomo, Godfrey, mwana wa mlongo wawo wa ku Lobi, ankafuna kulima mbatata ya kachewere. Bungwe lobwereketsa ndalama linkafuna munthu wolandira malipiro a pamwezi. A Zikhalo, monga mwini mbumba, anatenga ngongoleyo m'dzina lawo. Abale onse anakhala pansi n'kugwirizana kuti wobweza ndi Godfrey. Mwatsoka matenda a chiwawu anagwa m'munda, mbatata inapsa, Godfrey anabweza pang'ono n'kusiya. A bungwe akaimba foni, a Zikhalo ankangoyankha kuti, "Imbirani Godfrey, tinakambirana kale kumudzi." Mafoni atasiya kubwera, iwo anayesa kuti nkhani yatha. Anaiwala kuti mlandu suwola.

Alangizi sasowa pa mavuto a mnzako. Mphunzitsi mnzawo anati apite ku banki ina ku Lilongwe kumene sawadziwa. Wina anati akudziwa munthu amene amafufuta mayina m'makompyuta ukamupatsa kangachepe. A Magadalena atamva zimenezo anakwiya.

"Bambo a Sophie, ndalama yanga ya tomato isapite kwa akamberembere. Tibwerere komwe atikana tikafunse bwino. Safunsa anadya phula."

Ku banki anakumana ndi mayi Alile, amene amaona za ngongole za nyumba. Anawalandira bwino, n'kuwafotokozera mosabisa.

"Bambo Zikhalo, zimene munagwirizana kumudzi ndi zaulemu, koma obwereketsa ndalama amadziwa dzina limene linasaina. Ngongole ikapanda kubwezedwa, amakanena ku bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu. Banki iliyonse imafunsa kumeneko, ya kuno kaya ya ku Lilongwe. Ndipo wokuuzani kuti afufuta dzina lanu ndi wakuba."

"Ndiye kuti nyumba yatipita?" anafunsa a Zikhalo.

"Ayi, mbiri imakonzeka. Kapempheni lipoti lanu muone zimene zalembedwa, ngati pali cholakwika mudandaule. Pitani kwa amene anakukongozani mukagwirizane kabwezedwe. Mukamaliza akupatseni kalata yotsimikiza, ndipo muonetsetse kuti akonzetsa mbiri yanu. Pakadali pano musatenge ngongole ina, ngakhale ya pafoni. Muzisunga kenakake mu akaunti mwezi ndi mwezi, tione kuti mumakwanitsa."

Kupita kwa obwereketsa aja sikunavute. Anakondwa kuona munthu akubwera yekha, ndipo anagwirizana zoti azibweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro. Koma ngongole inali itakula ndi chiwongoladzanja. Ndi malipiro okha, chimanga cha a Mandla chikadakololedwa n'kudyedwa iwo asanamalize.

A Magadalena anati nkhaniyi ipite ku Lobi. Apa ndiye a Zikhalo anauma khosi.

"Malume akalondole ngongole kwa mwana wa mlongo wake? Mayi a Sophie, anthu adzati chiyani?"

"Anthuwo ndi amene adzatisunge katundu wathu akadzatulutsidwa panja?" anayankha akazi awo. "Simukukalanda mbuzi ya munthu. Mukukanena zoona basi."

Anapita Lamulungu, nakhala pansi ndi abale atatuluka ku Misa. A Zikhalo anayamba ndi za mvula, za mitengo ya feteleza, kuzungulira ngati minibasi yosaka anthu. Mapeto ake anaitchula nkhaniyo, maso ali pansi.

Mlongo wawo, a Falesi, mayi ake a Godfrey, anayankhula misozi ili m'maso.

"Achimwene, mwandichititsa manyazi pondibisira. Fizi ya ana anga munalipira ndinu. Amayi atadwala munawatengera kuchipatala ndinu. Lero mukasowe pogona chifukwa cha mwana wanga, ine ndili moyo? Dimba langa lija chaka chino tibzalamo kachewere yekhayekha, ndipo thumba lililonse lipita ku ngongole."

Godfrey, amene pano ndi bambo wa ana awiri, anagwada pamaso pa amalume ake. Anati mantha ndi amene anamutseka pakamwa zaka zonsezi, ndipo ntchito ya m'dimbamo aigwira yekha.

Anaigwiradi, abale inu. Anafunsa alangizi a zaulimi za mbewu yabwino ndi mankhwala a chiwawu, nathirira mpaka manja anachita matuza. Pofika Novembala matumba anayamba kutsika pamsika wa pa Boma, ndipo wogulitsa anali a Magadalena eni ake. Ine ndinagulako ndowa, ndipo sanandichotsere ngakhale tambala, ati ndi mbatata ya nyumba. Khirisimasi isanafike ngongole inatha. A Zikhalo anatenga kalata yawo, ndipo patapita milungu ingapo anakapemphanso lipoti kuti aone ndi maso awo kuti zakonzedwa.

Miyezi yotsatira inali yomanga lamba. Nyama inasowa pakhomopo, Sophie anavala yunifolomu yakale. Mkulu wa matabwa uja ankadutsa ndi lole yake pang'onopang'ono, akuyang'ana nyumbayo ngati yake kale. A Magadalena akamuona ankangopitiriza kusesa, koma ine ndinkadziwa kuti mtima uli m'mwamba.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, anabwerera kwa mayi Alile. Mbiri inkaonetsabe kuti kale anachedwa kubweza, koma inkaonetsanso kuti anamaliza yonse. A banki anayendera nyumbayo, nafufuza mapepala a umwini wa malo. Anavomera ngongole, ngakhale inali yocheperako kuposa imene anapempha poyamba. Pamene panaperewera panakwana ndi zimene banjali linasunga. Asanasaine, mayi Alile anawawerengera zonse, za chiwongoladzanja, za zaka zobwezera, ndiponso kuti nyumbayo ndi chikole, akalephera kubweza ikhoza kulandidwa. A Zikhalo ulendo uno anafunsa mafunso mpaka tiyi wa mayi Alile anazizira.

A Mandla anapereka mapepala a nyumba akusangalala, ati mtima wawo wakhala pansi. M'mawa mwake ndinamva khasu kuseri kwa mpanda. Nditasuzumira ndinaona a Magadalena akukumba dzenje, kamtengo ka pichesi kali pambali.

"Zaka zonsezi ndinkabzala maluwa m'zitini, a Marita," anandiuza. "Wa lendi sabzala mtengo. Uwu adzadya ndi adzukulu anga, pakhomo pawo."

Ine ndinalira, osati ndi chisoni ayi. Ndimawanyadira anthu amenewa.

Tsono inu amene mukuwerenga, mverani. Ngongole imene mwasainira ndi yanu, ngakhale wodya ndalamayo akhale m'bale wanu. Thandizani abale, koma muzitsatira kabwezedwe kake. Ngati mbiri yanu yaipa kale, musathawire ku banki ina kapena kwa akamberembere. Pemphani lipoti lanu, kambiranani ndi amene anakukongozani, bwezani, ndipo sungani umboni. Dzina loipa ku banki limatsukika, koma wolitsuka ndi mwini wake.