Makina Akazima Masana

"Osagwira choncho, Abambo Mfumu, si kandulo imeneyo," anatero bambo aang'ono. "Gundani pang'ono, kenako mukweze."

Achimwene anagunda. Ndodo yowotcherera inamatirira pachitsulo. Anaikoka, inakana, anaikokanso mpaka geti yonse imene ankawotcherera inagwedezeka. Mmisiri wachikulire, amene anagwira ntchito ndi malemu bambo kuyambira shedi yowotchererayo isanakhale n'chitseko, anatembenukira kukhoma ngati akufuna sipanala, koma mapewa ake ankagwedera ndi phwete.

Chitsiriza anaima pakhomo ndi botolo la madzi limene amayi anamutuma nalo. Ovolosi ya bambo inawakulira achimwene ake; anaipinda kawiri m'miyendo koma inkakwekwerekabe pansi. Mtsikanayo anafuna kuseka, kenako anafuna kulira, ndiye anangoyang'ana botolo.

Bambo anagwa m'shedi momwemo sabata yathayo, ndipo anafika kuchipatala atatha kale. Tsopano anthu a pamaliro anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. Achimwene anabwera kuchokera ku seminale kumene ankaphunzira zaunsembe, ndipo mkulu wa kumeneko anawauza kuti abwerere pofika Lolemba chifukwa mayeso anali pafupi. Koma achibale atakhala pansi, bambo aang'ono ananena mosapita m'mbali kuti mwana wamwamuna ndi mmodzi, ndipo chitsiriza akadali pasukulu.

"Ine sindinapemphe munthu kuti asiye maphunziro ake," anatero amayi tsikulo. "Mmisiri alipo, inenso manja ndili nawo."

"Alamu, mukutero chifukwa misozi sinaume. Nanga chaka chamawa? Ine ndimakhalira pamsewu ndi lole, sindingayang'anire nyumba ziwiri. Akulu anga anathera zala pamalo paja. Ansembe alipo ambiri, koma mwana wawo wamwamuna ndi uyu yekha."

Achimwene anangowerama, manja ali pakati pa mawondo.

Chipinda cha chitsiriza chinagundana khoma ndi cha achimwene ake, ndipo akakhala kunyumba, m'mawa uliwonse kusanache bwino ankawamva akuwerenga masalimo. Ankawerenga ndime imodzi, n'kukhala chete, n'kuwerenganso ina. Kale anawafunsapo chifukwa chake. Iwo anati m'tchalitchi cha ku seminale amakhala mbali ziwiri moyang'anizana, mbali ino ikanena ndime yake, inayo imayankha, ndiye pakamwa pawo panazolowera kudikira anzawo. Koma m'mawa wa tsikuli, Loweruka, khoma linali zii. Atasuzumira anawapeza akulongedza mabuku m'katoni: la Chigiriki lothothoka chikuto lija, la mbiri ya Mpingo, ndi timapepala ta mawu timene ankaloweza akamayenda.

"Simubwererako?"

"Ndiimbira foni ku seminale madzulo."

"Koma mayeso aja munawerengera kale."

"Iwe, mayeso si kanthu." Anakankhira katoniyo kunsi kwa bedi ndi phazi. "Bambo sanafune kuti ndipite. Zaka zonsezi sanapondeko n'kamodzi komwe. Ndikabwera kutchuthi, moni wawo unali wakuti, 'Taonetsa manja. Aa, afeweratu ngati a mwana wakhanda.' Ndinawakanira ali moyo. Ndiwakanirenso atafa?"

Chitsiriza sanauzepo munthu, koma pansi pa mtima ankafuna kuti akhale. Nyumba inali itakula mwadzidzidzi, ndipo ankaopa kudzatsala awiriwiri ndi amayi patebulo la anthu anayi. Komabe atayang'ana nkhope ya achimwene ake anachita manyazi. Inali ngati ya munthu amene akuvala nsapato zothina n'kumati zakwana.

N'chifukwa chake tsopano anaima pakhomo la shedi osadziwa mbali yoti aikire kumbuyo.

Kunja kunamveka chitsulo chikukwekwereka. Analowa mayi wina wathupi, mwini lesitilanti ya kuseri kwa msewu, akukoka mpando wothyoka mwendo.

"Zimene zachitika kuno ndamva, pepani kwambiri, ndinali kumudzi. Koma mmisiri, mpando uwu undiphera munthu. Dzulo wagwetsa kasitomala, mbale ili m'manja."

"Ikani apo, mayi."

Mmisiri anayang'ana wotchi yakhoma, yomwe galasi lake linali lakuda ndi utsi. Mivi yonse iwiri inali pamwamba. Anapita pabokosi la magetsi n'kutsitsa switchi yaikulu. Makina owotcherera anasiya kulira, odulira zitsulo anazungulira pang'onopang'ono mpaka kuima, wailesi ya pashelefu inadukira pakati pa nyimbo.

"Magetsi athima?" anafunsa bambo aang'ono.

"Aa, mwayambanso?" Mayi uja anagwira m'chiuno. "Ine ndimati mwambo umenewu wapita ndi mwini wake. Mulungu awalandire, koma anthu anga akhala pansi lero?"

"Mwambo wanji?" anafunsa achimwene, akukweza chigoba chotchingira maso.

"Ndinu watsopano eti? Mukuoneka. Muuzolowera. Pano ikangokwana thwelofu, ngakhale ubwere ndi galimoto yothyoka pakati, udikira. Malemu ankati, 'Mwana wanga akupemphera, asamve phokoso.' Ndinawafunsa, kodi mwanayo ali m'chipinda chino? Ati ayi, ali ku sukulu ya ansembe. Ndiye ndinati bambo inu, kumeneko basi imayenda tsiku lonse, phokoso la pano akalimva bwanji? Mukudziwa anandiyankha chiyani? Ati, 'Inu munapitako?'" Mayiyo anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Munthu wovuta ngati ameneyo sindinamuonepo."

Palibe anaseka naye. Mayiyo anayang'ana mmisiri, anayang'ana bambo aang'ono, kenako anayang'anitsitsa nkhope ya mnyamata wa ovolosi yopindayo, mphuno ndi nsidzezo. Dzanja linapita pakamwa.

"Mayo ine. Ndi ameneyu?"

Chitsiriza anakumbuka tchuthi choyamba achimwene atapita ku seminale. Masana ankalowa m'kachipinda kosungira zitsulo kuseri kwa shedi ndi buku lawo la mapemphero, poti kunyumba kunali alendo. Tsiku lina anatuluka n'kupempha bambo kuti achepetseko phokoso, ndipo bambo anawakalipira pamaso pa anthu: "Mulungu wakoyo ndi wogontha? Tisiye kudya chifukwa cha iwe?" Kuyambira pamenepo achimwene ankakapempherera kutchalitchi, ndipo masana sankapondanso kushedi. Chitsiriza naye nthawi imeneyo ankakhala ali kusukulu.

"Kuyambira liti?" Mawu a achimwene anatuluka osasa.

"Mutangokwera basi chaka chomwecho," anatero mmisiri. "Anandiletsa kukuuzani. Anati mukamva mutukumuka. Ine sindinanene kanthu, anena ndi mayiwa."

"Ankapemphera?"

"Ndani, iwowo? Ayi. Ankatembenuza chitini icho n'kukhalapo, chipewa pabondo, maso pa wotchi. Wina akangokhosomola ankamuthira diso loipa. Ine kuyetsemula ndinkakayetsemulira panja."

Achimwene anayang'ana chitini cha penti chimene chinali pakona, chophwanyika pang'ono pamwamba pomwe munthu ankakhala. Anavula magolovesi, limodzi, kenako linalo, n'kuwaika pa geti. Anayala manja awo n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Pachala chachikulu panali thuza latsopano.

"Mmisiri, getiyi mumalize ndinu, ndisanaiphe."

"Mwaipha kale theka. Koma idzuka."

"Mwana wanga, tamvera," anayamba bambo aang'ono. "Zimenezi n'zokhudza mtima, sindikukana. Akulu anga anali choncho, chikondi chawo ankachibisa ngati ngongole. Koma shedi siyenda ndi chisoni. Tinagwirizana kuti..."

"Ndidzabwera tchuthi chilichonse, bambo. Mmisiri adzandiphunzitsa kupenta, kumeneko mwina sindingaphe munthu. Zotsalazo tikakambirane ndi amayi, iwo ananena kale maganizo awo ndipo sitinawamvere." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, ukafika kunyumba ukatulutse katoni ija. Buku la Chigiriki uliike patebulo."

Chitsiriza anagwedeza mutu. Anadziwa kuti tebulo lija linali loti likhaladi la anthu awiri. Koma nkhope ya achimwene ake inali itabwerera mwakale, ndipo anadabwa kuona kuti zimenezo zinamukwanira.

Achimwene sanakhale pachitinipo. Anagwada pambali pake, pansi pa phulusa la zitsulo, ovolosi ili m'thupi, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Buku analibe, koma milomo yawo inayamba kuyenda. Mmisiri anavula chipewa. Mayi wa lesitilanti anakhala mosamala pampando wake wa miyendo itatu, ataugwiriziza kukhoma.

Bambo aang'ono anasuntha mapazi, makiyi a lole akulira m'thumba. Anakonza kukhosi.

"Komatu nkhani iyi..."

Chitsiriza, amene chibadwire sanadulepo munthu wamkulu mawu, anapeza kuti chala chake chafika kale pamilomo. Anawayang'ana bambo aang'ono osaphethira.

"Akupemphera," ananong'ona.

Bambo aang'ono anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati aona munthu wina pankhope yakeyo. Kenako analowetsa dzanja m'thumba n'kufumbata makiyi aja kuti asalire.