Mpando wa Pakati

Leonor atalowa ndi khofi, anapeza mwamuna wake Evaristo atagwada pansi, akukankha sipika pang'onopang'ono ngati akutembenuza wodwala.

"Yendani bwino, mayi, pali mawaya apo," anatero osadzutsa n'komwe mutu.

Chipindachi chinali cha mwana wawo wamkazi asanakwatiwe. Evaristo atangopuma ntchito yoyendetsa basi mumzinda wa Cali, anachisandutsa chomveramo zimbale zake za nyimbo za salsa. M'makoma anakhomamo matabwa okutidwa ndi nsalu kuti mawu asamabwerere, pazenera anapachika makatani okhuthala, ndipo kapeti ya pabalaza, imene Leonor sankalola munthu kupondapo ndi nsapato, inathera momwemo. Pakati penipeni anaikapo mpando umodzi wokha.

Masana amenewo pampandopo panali Yolima, mayi wogulitsa zimbale zakale, amene Evaristo anamuitana kuti adzamve ngati masipika akhala bwino. Anali atatsinzina, milomo yake yopaka zofiira ikutsatira nyimbo.

"Ayi ndithu, Don Evaristo, khutu muli nalo," anatero. "Woimba lipengayo ngati waima pompano. Kungoti yakumanzereyo isunthe pang'ono."

Evaristo anathamangira komweko, mano onse pamtunda. Leonor anamuyang'ana cham'mbali. Mpopi wakukhitchini unkadontha kuyambira kalekale, koma munthuyu sanauthamangirepo chonchi.

"Khofi wanu uyu, Doña Yolima. Mumwe mutatsegula maso, mungapse."

Yolima anamwa mofulumira n'kutsanzika.

"Mlendo mwamuchititsa manyazi," anatero Evaristo chitseko chitatsekeka.

"Kodi ine mpandowu unandikana? Chimalizireni chipindachi simunanenepo kuti Leonor, takhala apa umve."

"Inu simukhazikika. Nyimbo ikangoyamba mwadzuka kuvina, singano yapachimbale n'kumadumpha."

"Si kuvina komweko munandikondera, mdala inu?"

"Mayi, uja ndi katswiri chabe."

"Eya, katswiri wa milomo yofiira."

Evaristo anapukusa mutu n'kutuluka, ati akagule buledi.

Chimbale chinali chikuzungulirabe. Leonor anakhala pampando uja, umene unkanunkhirabe mafuta a Yolima, n'kutsinzina. Ng'oma zinachokera uku, piyano uko, ndipo woimbayo anali pamaso pake penipeni, moti ankamva ngakhale akamakoka mpweya. Zinali zokoma kuposa momwe ankaganizira, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Kukoma konseku mwamuna wake anayamba wakupatsa mkazi wina.

Anadzuka, n'kukokera mpandowo pakhonde. Kenako anakankha kasofa ka pabalaza, akupumira m'mwamba, mpaka kanalowa.

Evaristo atabwera anangoti kakasi pakhomo.

"Mwatani apa? Pasofa palibe amene angakhale pakati! Wina azimva kwambiri za kumanja, wina za kumanzere. Mwawononga zonse."

"Ndiye tizimva zokhotazo tonse awiri," anayankha Leonor atapinda manja. "Apo ayi, bwezeranimo mpando wanuwo, ine ndikakhale kwa mwana wanga ku Palmira. Muzimva bwino muli nokha."

Evaristo, buledi ali m'manja, anayang'ana mpando uli pakhonde uja. Kenako anaika bulediyo pansi, anatembenuza chimbale, n'kutsitsa singano. Anakhala pambali pa mkazi wake nkhope ili gwa, akupendeketsa mutu uku ndi uku.

"Tasenderani kuno," anatero. "Tikapanikizana mwina tiyandikirako pakati."