Mbali Imene Ababa Sanapukute

Make mapasa ankayanika zovala kuseri kwa nyumba pamene anamva bambo ake akumuitana, ndi mawu aja a munthu amene wamaliza ntchito ndipo akufuna womuyamikira. Anapukuta manja pa siketi n'kuzungulira kumaso.

Bambo akewo anthu onse mumsewumo ankangowatchula kuti Adalaivala, poti anakalambira pa chiwongolero, kuyendetsa mabwana mpaka kupuma ntchito. Chimwalirireni akazi awo ankakhala kwa mwana wawoyu, ndipo ntchito anadzipatsa okha: kukasiya adzukulu kusukulu m'mawa, kukawatenga masana, ndi kutsuka galimoto Loweruka. Galimotoyo inali ya mkamwini wawo yemwe ankagwira ntchito kutali, koma ukawaona nayo ukanalumbira kuti anagula ndi iwo. Ndowa zinkakhala ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira. Nsanza ikangogwa pansi basi yatha ntchito, ati yatola mchenga. Polishi ankapakira pamthunzi pokha, kumudikira aume, kenako n'kupukuta mpaka thukuta kamukamu.

"Taona, mama," anatero atagwira m'chiuno. "Kalilole weniweni. Ukhoza kupesera pomwepa."

Boneti inkang'animadi, mbali yakumanja nayo inali waliwali. Koma kumanzereko, kalanga ine! Kuyambira chitseko chakutsogolo mpaka kumbuyo kunali polishi wouma yekhayekha, mbuu ngati miyendo ya mwana wosadzola. Ndipo bambo ake anali ataima pomwepo, nkhope ili kuchitseko chomwecho, akumwetulira.

Mtima wa make mapasa unangoti myuu. Anakumbukira kapu imene bambo ake anaiphonyetsa tebulo, naitukwana ngati yalakwa ndi iyo. Anakumbukiranso ana akusimba moseka kuti agogo akwera mwala wa pageti ndi galimoto. Iye anaseka nawo tsiku limenelo, wopusa iye! Lolemba m'mawa mapasa ake adzakhala pampando wakumbuyo, pamsewu uja wa malole ndi njinga, chiwongolero chili m'manja mwa munthu ameneyu.

Anafuna kutsimikiza, ngakhale zinamuchititsa manyazi kutchera msampha kholo lake. Anatola nsanza youma, naima kumanzere kwawo, naitambasula pafupi ndi khutu lawo osayankhula. Iwo osaiona, anayamba kuifunafuna pamene anaisiya, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amasuntha zinthu.

Make mapasa anayamba nkhaniyo mozungulira. Anati msewu wadzaza masiku ano, anati aneba amadutsa pasukulu pomwepo ndipo pagalimoto pawo pali malo, anati munthu wamkulu azipumako. Adalaivala anamva kumene nkhani ikulowera ndipo anapsa mtima nthawi yomweyo. Anamukumbutsa kuti fizi yake inachokera pa chiwongolero, kuti moyo wawo wonse sanagundepo ngakhale nkhuku, ndipo ngati mwamuna wake wayamba kuumira galimoto angonena poyera m'malo motuma mkazi.

Make mapasa anawayandikira. Anawagwira dzanja, monga ankamugwirira iye ali mwana powoloka msewu, n'kuliyendetsa pachitseko chija. Chikhatho chinakhula pokhakhala. Mkuluyo anachotsa dzanja, nabweretsa zala pafupi ndi diso lakumanja, naona ufa woyera uli mbuu. 

"Layamba liti diso lakumanzereli, ababa?"

"Nthawi ya mvula ija. Ndimati lipola lokha." Anapukuta zalazo pa nsanza. "Ndimaudziwa msewu uja, mama. Ndimayenda pang'onopang'ono."

"Msewu mumaudziwa. Nanga mwana wa eni akamawoloka chakumanzere?"

Mkuluyo anakhala pa ndowa yovundikira, munthu amene sankalola kuti thalauza lake ligunde fumbi. Anaoneka wochepa thupi, wokalamba, ndipo mwana wawoyo anawamvera chisoni chosaneneka.

"Ukandilanda ana aja," anatero motsitsa mawu, "ndizidzukira chiyani m'mawa?"

Make mapasa anagwada pambali pawo. Analonjeza za chipatala, kuti maso ena amachira, kuti anawo aziwaperekezabe mpaka pageti, koma iye mwini ankamva kuti mawuwo ndi opepuka. Misozi inangoti mbwembwembwe, n'kuipukuta ndi nsanza ya galimoto ija osazindikira.

M'nyumba mapasa ankalimbirana supuni, wina akulira, wina akuitana agogo kuti adzaweruze mlandu. Mkuluyo anamvetsera phokosolo kwa kanthawi, mutu uli pansi. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa makiyi. Anamufunafuna mwana wawo potembenuza mutu wonse, n'kumuika makiyiwo m'manja, napinda zala zake ndi manja awo awiri.

Anadzuka, napempha nsanza ina yoyera, naima kutsogolo kwa chitseko chakumanzere.

"Uzindiuza pamene patsala," anatero.

Make mapasa anaika makiyi m'thumba la siketi, naima kumbuyo kwa phewa lawo.

"M'mwamba pang'ono, ababa. Eya, pomwepo."