Chala cha a Rennick pa Mapu

Ku Port Broughton msodzi akhoza kukubwereka boti lake, koma pamene amatchera miono ya nkhanu sangakuuze ng'o. Ukamufunsa amaloza kwina, maso ali gwa. Kwa iwo limenelo si bodza, ndi mwambo.

Ndiye atafika Merrin Haldane, mayi wofufuza zamoyo za pansi pa nyanja, a Col Rennick, msodzi wa nkhanu, anachita zomwe akanachita bambo awo. Merrin anayala mapu pa boneti ya galimoto. Anati akufuna malo amene pansi pake pali moyo wochuluka: nkhono, masiponji, nyongolotsi za m'matope, zonse zonenepetsa nkhanu. Malo oterowo adzatsekedwa kuti sitima zokoka makoka pansi zisamafikeko. Koma a Rennick ankangoona mlendo wofuna kudziwa dzenje la nkhanu la pansi pa nyanja lomwe lawadyetsa zaka makumi atatu. Anagwetsa chala chakumpoto, kutalitali. Anzawo anayi analozanso komweko, akutsinana. Merrin anapita, anapezako tinkhono pang'ono, nakhulupirira.

Noelene, mkazi wa a Rennick amenenso amakoka nawo miono, sanaseke nawo.

"Inu, chala chanucho chidzatidyetsa matope."

A Rennick anati makoka sanafikepo pa dzenjelo, adzayambira pati?

Anayambira pomwepo. Kumpoto kutatsekedwa, sitima zinatsetserekera kummwera. M'mawa wina madzi a pa dzenje anali ofiirira ngati tiyi wamkaka. Mono woyamba unatuluka ndi zidutswa za masiponji. Wachiwiri, zigoba zophwanyika ndi fungo la dzira lovunda. Wachisanu ndi chiwiri munali nkhanu imodzi, yopanda mwendo. Chapatali sitima zitatu zinali zitaima duu, makoka ali lendelende, kudikira nthawi yawo.

A Rennick anachita mantha, mantha enieni. Anamuimbira foni Merrin ali m'boti momwemo, naulula zonse: chala, anzawo anayi aja, ngakhale manambala a pa mapu olozera dzenjelo amene ana awo omwe sawadziwa. Merrin anafotokoza kuti matope akalimidwa chonchi, zamoyo zina zimatenga zaka zambiri kuti zibwerere.

"Ndiye sinthani mapuwo, mayi. Lero lomwe."

"Mapu amaunikidwanso pakatha zaka khumi, a Rennick."

Noelene anaitenga nkhanu ija, naiyang'ana kumimba. Inali yaikazi, yodzaza mazira. Anaibweza m'madzi, koma pansipo panalibe choti ikadye.