Mkwati Wotsetsereka Pagalasi

Ndinafika ku Mwadzama kutada. Minibasi inanditaya pamsewu. Wakabaza anandinyamula ngati thumba la mpunga. Njira yamchenga. Tinagwa kamodzi. Anati vuto ndi ine, sindidziwa kukhala.

Sananame. Ndinabadwira ku Ndirande, koma sindikhalitsa pamalo. Ndakonzapo mafoni ku Mzuzu. Mawayilesi ku Mchinji. Kuno anandiitana ndi Layson, mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku Joni. Iye anabwerako ndi pulinta. Osati ya mapepala ayi. Iyi imasungunula ulusi wa pulasitiki, filamenti, n'kumaumba kanthu pagalasi lotentha, mzere pamwamba pa mzere. Pafoni anangoti, “Aise, bwera lero lomwe. Banja likutha lisanayambe.”

Panyumba panali piringupiringu. Amayi akupeta mpunga ndi kuwala kwa tochi. Mbuzi ikudandaula pamtengo. Mawa lake chinali chinkhoswe cha Talandira, mlongo wake wa Layson. Mwamuna wake wa mawayo ndinamupeza pakhonde, atakhalira ndowa, chipewa m'manja. Lughano. Msodzi wa ku Karonga, wotsata usipa doko ndi doko. Anandipatsa moni ngati ndine dokotala.

Nkhani yake inali iyi. Layson analonjeza kuti pamwamba pa keke padzaima tianthu tiwiri tapulasitiki. Talandira anatuluka bwinobwino, diresi lake tambalale. Lughano wapulasitiki ndiye ayi.

Pabalaza, pafupi ndi makinawo, panakhala azakhali awo, a Nester. Atandilonjera anakankhira mbale kwa ine. Munali zolephera zonse. Nsapato ziwiri zopanda mwini. Miyendo yothera m'mawondo. China chopiringizika ngati ukonde umene munalowa ng'ona.

“Mwabwera kudzamuikira kumbuyo?” anandifunsa.

“Ndabwera kudzaona makina, amayi.”

“Makina alibe vuto. Mwana wathu anaima pomwe anamuika. Uyu akangofika m'mawondo, wanyamuka. Wayamba kuyendayenda pagalasi ponse.” Analoza kukhonde ndi mlomo. “Makina alibe chibale, sadya za munthu. Wapulasitiki akukana kukhazikika, nanga wamagazi? Mawa ine sindikhala nawo pamphasa.”

Layson anandinong'oneza kuti azakhali akapanda kukhala, amalume nawo sangatsegule pakamwa. Chinkhoswe chithera pomwepo. Kuchipinda Talandira anamina mokweza kuti tonse timve.

Ndinayatsa pulinta. Batire la sola linali lodzadza. Kamlomo kotulutsa pulasitiki kanatentha. Ndinalamula kuti katulutse ulusi. Kanangoti tha, tha, tha. Osatuluka kanthu.

“Mwaona?” anatero a Nester. “Tsopano akukana n'kubadwa komwe.”

“Filamenti umasunga kuti?” ndinamufunsa Layson.

Analoza mpukutu wake wopachikidwa pamsomali pafupi ndi zenera. Zenera loyang'ana kunyanja. Mwera unali utaomba sabata yonse. Ndinapinda ulusiwo. Unathyoka ngati kamtengo ka machesi. Unali utamwa chinyezi, pamwamba pake mchenga wokhawokha.

“Ku Joni unkamvera chiyani, iwe?”

“Ndinkamvera iweyo. Unkasunga wako m'firiji yakufa.”

“Inali yotseka bwino.”

Ndinadula mizere yakunja, yofumbwayo, n'kutaya. Ndinapempha singano. Talandira anatulutsa dzanja lokha pachitseko. Ndinatokosa kamlomo kali kotentha, ndinapsa chala, ndinatukwana chamumtima chifukwa cha azakhali. Kenako ndinalowetsa ulusi wabwino, kudikira kuti kazizireko, n'kusolola mwamphamvu. Unatuluka ndi kachitsotso kakuda kumapeto. Ndinadula kachidutswa ka siponji, n'kukapanira pa ulusi ndi pegi ya zovala kuti kazipukuta mchenga ulusi usanalowe. Pulasitiki anayamba kuyenderera bwino.

Tinayambitsa mkwati. Nsapato zinaoneka. Akakolo. Pofika m'mawondo, kamlomo kanamukhudza pang'ono. Lughano anatsetsereka n'kupita kukona.

A Nester anangomutola n'kumuika m'mbale pamodzi ndi anzake.

Ndinayendetsa chala pagalasi. Poterera. Ndinanunkhiza. Polishi wa pansi, wofiira uja.

“Galasili amapukuta ndani?”

“Ineyo,” anatero a Nester monyadira. “Chitulukireni Talandira wapulasitiki, mudzi wonse umabwera kudzagwira pamene anatulukira. Manja a nsomba. Ndiye m'mawa uliwonse ndikatha kupukuta pansi, ndimapakanso apa. Alendo asatione ngati auve.”

Ndinatsegula pakamwa. Layson anandiponda phazi. Anapondadi ndi mtima wonse. Ndinamvetsa. Kuwauza azakhali kuti olakwa ndi iwo, usiku woti mawa chinkhoswe, kunali kuthetsa banjalo ndi manja anga.

“Mwachita bwino, amayi,” ndinatero. “Koma vuto ndaliona. Taonani mapazi ake. Ang'onoang'ono. Talandira anagwira pansi ndi diresi lonse. Uyu alibe popondera.”

“Ndimanena zomwezo! Alibe munda, alibe nyumba.”

“Ndiye timupatse. Timuumbire kabwalo pansi pa mapazi. Koma galasi lisambe kaye ndi sopo. Ndi mwambo wa makinawa. Mwamuna saumbidwa pamalo opakidwa kale.”

Anagwedeza mutu. Mwambo anaumva.

Ndinatsuka galasi kawiri. Ndinalibwezera, n'kuyeza makona onse ndi pepala kuti kamlomo kasatalikire. Guluu wa ana asukulu amathandiza, koma Layson wake anali atauma kalekale. Ndinapempha shuga ndi madzi pang'ono. Kumeneko shuga savuta, Dwangwa ili pafupi. Ndinapaka pang'onopang'ono, galasi likutentha, mpaka linayamba kunanda.

“Shuganso?” anafunsa a Nester.

“Munthu amakhazikika pamene pakutsekemera.”

Ndinangonena kuti ndinene. Iwo anandiyang'anitsitsa ngati ndawerenga m'buku lopatulika.

Tinayambitsanso. Kabwalo kanayalidwa. Nsapato. Akakolo. Opeta mpunga anasiya malichero n'kudzaza pakhomo. Lughano weniweni anasuzumira pazenera, thukuta kamukamu. Anafika m'mawondo. Kamlomo kanadutsa. Kanabwerera. Mkwati sanasunthe.

“Limba, mlamu!” anakuwa Layson.

“Ndikuyesetsa, alamu,” anayankha wa pazenera.

Chiuno chinatuluka. Jekete. Tinadya titaimirira, maso pamakina. Mutu utatha, mayi wina analuluta. A Nester anamuletsa ndi dzanja. Anaimirira, n'kugwira mkwatiyo pamapewa. Anakoka. Sanatheke. Anakunga chitenje, n'kukokanso ndi manja awiri. Pulinta yonse inanyamuka patebulo. Mkwati ali chiimire.

Ndinadziwa kuti galasi likazizira achoka yekha. Sindinanene.

“Lughano,” anaitana a Nester. “Lowa. Ukudyedwa ndi udzudzu kunjako.”

Analowa chowerama. A Nester anamuuza kuti kuseri kwa nyumba kuli malo, amange pomwepo, bwato likhale pa doko la Bua basi. Iye anavomera zonse, ngakhale zimene sananene. Talandira anatuluka kuchipinda maso ali ofiira, akuseka.

Ndikuyala mphasa, a Nester anaima pamutu panga.

“Inu, bambo a makina. Kwanu n'kuti?”

“Paliponse, amayi.”

“Mkazi?”

“Sindinapeze nthawi.”

Anayang'ana mapazi anga. Anawayang'ana nthawi yaitali.

“Ang'onoang'ono,” anatero. “Ndili ndi mwana wanga wamkazi, mphunzitsi. Afika mawa. Mugone bwino.”

Ndinadzuka kusanayere. Mkwati anali atamasuka pagalasi, monga ndinadziwira. Ndinamuimika pafupi ndi Talandira wapulasitiki, n'kuwavundikira ndi bakuli. Ndinamudzutsa Layson. Ndinamuuza kuti filamenti aziisunga m'ndowa yotseka, pamodzi ndi mpunga wouma, ndipo galasi alibise azakhali asanatenge nsanza yawo.

“Sudikira chinkhoswe?”

“Mchinji ikundifuna.”

“Wabodza iwe.”

Panja mipando ya chinkhoswe inali itandandalikidwa kale. Umodzi, wa kutsogolo, unkanyezimira. Ndinaukhudza. Unkananda. Pambali pake panali kapu ya madzi a shuga ndi kansanza. Lughano ndinamumvera chisoni, pamodzi ndi buluku lake latsopano.

Nsapato zanga zinali pakhonde pomwe ndinazisiya. Ndinanyamula imodzi. Inakana. Ndinakoka. Inamatuka ndi phokoso, pansi pake pali mzere wa nyerere.

Ndinazigwira m'manja n'kuthamanga chosavala. Wakabaza wa dzulo uja anali pamphambano.

“Lero mukhale bwino, bwana.”

Ndinavala nsapato tili m'njira. Nyerere zinandiluma mpaka pamsewu waukulu. Sindinamuuze kuti aime.