Malo a Woyimba Wachiwiri

Mayi wina anaima pachipata dzuwa lili paliwombo, atasenza kathumba ka mbatata ya kachewere, osaodira. Arminda anamuona ali pakhonde, pomwe ankapinda malaya a malemu mwana wake, Denilson. Maliro anali ataikidwa kale, phulusa la pasiwa litasesedwa, anthu a m'dera la 25 de Setembro ku Moatize atabwerera ku ntchito zawo. Wochedwa pamaliro amayamba kulira ali kumsewu kuti eni khomo amve. Uyu sanalire. Anayang'ana nyumba, kenaka chingwe cha zovala chomwe chinali chitada ndi fumbi la malasha, kenaka Arminda, nthawi yaitali kuposa mmene mlendo amayang'anira munthu.

"Fikani," anatero Arminda.

Mayiyo anatula kathumba, nagwada chapatali. "Pepani ndi zovutazi, mayi. Ine ndine amake Smart. Ndachokera kutsidya kwa malire, ku Mwanza."

"Munkamudziwa Denilson?"

"Mawu ake okha. Nkhope sindinaione."

Pansi pa mtengo wa msawu panali Cristóvão, mng'ono wa malemu mwamuna wa Arminda, yemwe banja linamuika kuti agawe katundu wa mnyamatayo. Analeka kusanja nsapato. "Ku Mwanza," anabwereza pang'onopang'ono. "Ndiye kuti mwadzera pa Zóbuè."

Dzina limenelo linali litasanduka munga pakhomopo. Tsiku lomwe anamwalira, Denilson anatsanzika kuti akupita ku ntchito ku mina, mgodi wa malasha wa ku Chipanga. Koma kamyau, lole yaikulu, inamugunda kutali ndi Chipanga, pamsewu wokwera ku Zóbuè, ali pa njinga yake yamoto. Nsapato za ntchito anali atazimangirira kumbuyo, pathupi atavala malaya oyera a kutchalitchi, ositidwa bwino. Foni inaphwanyikira pomwepo. Pasiwa anthu ankanong'onezana kuti mwamuna sasita malaya popita kukagula kabichi. Luciana, mkazi wa Denilson, anamva zonsezo, ndipo chikwama chake chinali chitamangidwa kale kuchipinda. Arminda sankadya. Chomwe chinkamudya iyeyo chinali chakuti mwana amene sanamunamizepo chibadwire anapita kumanda ndi bodza pakamwa, ndipo panalibenso woti amufunse.

"Ndabwera ndi pempho limodzi," anatero mlendoyo. "Kompyuta yake ija. Musanaipereke kwa munthu, ndimvereko nyimbo imodzi yomwe ili m'menemo."

Cristóvão anaseka ndi mphuno. "Komputadori? Imeneyo mawa ikupita ku Tete kukafufutidwa. Fábio wanga akufuna pophunzirira. Zili m'menemo n'zachibwana, alamu, inunso mukudziwa. Munthu wa ndevu zake, kuweruka ku mina, m'malo mopumula, kumangobwereza nyimbo imodzimodzi ngati wailesi yakufa."

"Wailesi yakufa siimba, alamu," anatero Arminda.

Nsalu ya pakhomo inagwedezeka. Luciana anatuluka, maso otupa, nsalu ya kapulana yakuda atamanga pachifuwa. Sanamupatse moni mlendoyo.

"Inu ndinu amayi ake?"

"Amayi a yani, mwananga?"

"A mkazi amene ankapita kukamuona."

Mlendoyo anawerama, nayang'ana zala zake. "Mwana wamkazi ine ndilibe. Amene ankabwera kudzamutenga ndine. Ndinamudikira pamalire, pomwe amayi amagulitsa mbatata, mpaka dzuwa kupendeka. Ndinabwerera kwathu ndikumudandaula kuti wandiseweretsa. Za imfa yake ndamva dzana, kwa mwana wanga."

Cristóvão anayang'ana imvi zomwe zinkasuzumira pansi pa duku, ndi mapazi ong'aluka a munthu wa kumunda. Anatsokomola. "Chabwino, mayi. Nanga inu ndinu ndani wake?"

"Sindikudziwa, bambo. N'chimene ndabwerera. Ndikanena panopa, kenaka n'kupezeka kuti si zoona, ndiye kuti ndaliritsa maliro awiri pakhomo limodzi. Malemuyo anandiuza kuti, mukafika musanene kanthu, muyambe mwaimba."

"Kuimba! Nyumba idakali ndi fungo la maliro?"

Arminda anaika malaya pamphasa. Anaimirira. "Luciana, mwananga, kaiyatse."

"Alamu…"

"Mawa ndi yanu. Lero idakali ya mwana wanga."

M'nyumba munali kutentha kwa malata. Luciana anaika makinawo patebulo, natulutsa maikolofoni awiri m'kabokosi, mmodzi atamangidwa ndi tepi wakuda pomwe waya anathyoka. Manja ake ankadziwa pogwira. Arminda anazindikira kuti iye mwini, zaka zonsezi, sanayang'anepo pagalasi limenelo. Ankangoona msana wa mwana wake ndi zomvera zija m'makutu, n'kumamukalipira kuti chakudya chikuzizira.

"Kodi kwenikweni ankachita chiyani?" anafunsa, mwamanyazi.

Luciana anayankha osamuyang'ana. "Ndi masewera oimba, amayi. Nyimbo ikamalira, pagalasi pamadutsa timizere. Woimba amatitsata ndi mawu ake. Akalondola, kamzere kamayaka. Koma timizereto sitibwera tokha. Pamafunika munthu woti amvetsere nyimbo, adule mawu m'tizidutswa, kalikonse n'kukaikira kamzere kake: pamwamba ngati mawu akukwera, pansi ngati akutsika, kakatali ngati woimba akukoka. Ntchito yake inali imeneyo. Masewerawa analibe nyimbo za Chinyanja kapena Chinyungwe, ndiye ankazipanga yekha n'kuziika pa intaneti kuti aliyense atenge." Anameza malovu. "Kamzere kakachedwa ngakhale kuphethira kwa diso, ankabwereza. Ndinkamuuza kuti palibe amene angazindikire. Ankati, woimbayo azindikira, adzayesa kuti walakwa ndi iyeyo."

Anapukuta nkhope ndi kapulana. "Nyimbo yake iti?"

"Ya mtambo," anatero mlendoyo.

Luciana anatsitsa mayina a nyimbo, naima. "Iyi sanandionetsepo."

Poyamba munamveka madzi akuthira m'beseni, ndi sitima ya malasha ikulira kutali. Kenaka mawu a mayi, osakonzekera, a munthu woimbira ntchito yake:

*Mtambo uli paphiri, ndani akaanula?*

Arminda anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anali mawu ake. Mwanayo anamujambula akuchapa kuseri kwa nyumba, iye osadziwa. Pagalasi timizere tinkayenda, tizidutswa ta mawu tili pansi pake, kukwera pomwe iye anakwera, kunjenjemera pomwe mawu ake ananjenjemera. Mawuwo ataima, timizere tina tinatulukira m'munsi, m'njira yachiwiri. Timeneti tinalibe mawu. Tinangodutsa, totuwa, mpaka mawu a Arminda atayambanso.

*Mbuzi zili kudambo, ndani akakusa?*

"Sanaimalize," anatero Luciana.

"Anamaliza zomwe anamva," anayankha mlendoyo. "Anandiuza pafoni kuti mukaima, mayi, simukhala chete. Mumang'ung'udza kukhosi, pakamwa potseka, pang'ono kwambiri moti woima pafupi sangamve. Iye anamva ndi zam'makutu zija. Anatsata mmene kung'ung'udzako kukukwerera ndi kutsikira, nakuikira timizere take. Mawu ake okha ndi omwe analibe. Ndiye poika pa intaneti analemba kuti: nyimbo iyi ndi ya anthu awiri, amene akudziwa kuyankha kwake andiuze."

Arminda anakumbukira tsiku lomwe Denilson anamufunsa, atatsamira pachitseko, kuti bwanji amaima pakati pa nyimboyi. Iye anamuyankha mwaukali kuti munthu amapuma, si njinga. Mnyamatayo anangomwetulira, osafunsanso.

Nyimboyo sinali ya m'mudzi, sinali ya kutchalitchi. Anaipeka ndi mayi ake a Arminda, kumunda kwawo m'munsi mwa phiri la Zóbuè, pofuna kutuma ana awo aakazi awiri popanda kukalipa. Wamkulu ankafunsa, wamng'ono ankayankha, ndipo woyankhayo ndiye ankathamanga kukagwira ntchitoyo, akuseka. Tsiku lomwe mfuti zinalira kumtunda, mudzi wonse unathawira ku Malawi. Powoloka mtsinje, Arminda anali ndi bulangeti kudzanja limodzi, mng'ono wake kudzanja linalo. Anthu anakankhana. Atafika kutsidya, anali ndi bulangeti lokha. Anafunafuna m'misasa yonse yomwe anamva. Mtendere utabwera anabwerera kwawo opanda mwanayo, ndipo mayi awo anamwalira osaimbanso. Arminda anakwatiwa, anatsikira ku Moatize malasha atayamba kuitana anthu, analera ana, koma dzina la mng'ono wake uja sanalitchulepo kwa mwamuna wake kapena kwa mwana aliyense. Ankangoimba mbali yake.

"Munaimva bwanji?" anafunsa Arminda.

"Smart wanga ndi anzake amakonda masewerawa. Loweruka lina ndikupeta mphale panja, iwo akuimba m'nyumba. Ndinangomva mtambo uli paphiri. Mawu ataima, pakamwa panga panayankha pokha. Lichero linagwa, nkhuku zinadya. Smart ndiye anamulembera mwana wanu pa intanetipo." Mlendoyo anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ine ndinaleredwa ndi anthu achifundo omwe ananditola nthawi ya nkhondo, ndili wamng'ono. Anandipatsa dzina lawo. Za kwathu ndinatsala ndi ziwiri zokha: nyimbo imeneyi, ndi dzina lomwe palibe anandiitanapo chichokereni. Koma nyimbo zimayenda, mayi. Mwina ndinangoimva kwa wina. Mwana wanu anati timizere tidzatiuza, chifukwa anatijambula kuchokera kukhosi kwanu."

Pakhomo, Cristóvão anali atavula chipewa. Sananenenso za fungo la maliro.

Luciana anatseka mawu ojambulidwa aja, natsala ndi madzi a m'beseni ndi kugunda kofewa kowerengera nthawi. Anapereka maikolofoni wabwino kwa apongozi ake, wa tepi uja kwa mlendo.

Arminda anayamba, koma mawu anathyoka pa liwu loyamba. Timizere tinadutsa osayaka.

"Palibe kanthu, amayi," anatero Luciana. "Iye ankati koyamba n'kochotsa dzimbiri." Anabwezera kumayambiriro.

Arminda anatseka maso, kenaka anawatsegula, pofuna kuona ntchito ya mwana wake. Anaimba. Timizere tinayaka, kamodzikamodzi, kumuyembekezera pomwe iye amakoka, kumusiyira pomwe amapuma, ngati munthu wodziwa mayendedwe ake amene akumugwira mkono panjira yoterera.

*Mtambo uli paphiri, ndani akaanula?*

Ndipo pambali pake, mawu aang'ono, okanda, a munthu wosazolowera maikolofoni:

*Ndine, ndine, mayo, ufa usanyowe.*

Timizere topanda mawu tija tinayaka. Panali malo ena pomwe nyimboyo imagwa mwadzidzidzi ngati phazi laponda dzenje, pomwe mayi awo ankawerama kuti anyamule mtsuko. Woimba wongomvera kwa ena akanapitirira molunjika. Mlendoyo anagwa nayo, ndipo kamzere kotsika kaja kanawala.

*Mbuzi zili kudambo, ndani akakusa?*

*Ndine, ndine, mayo, dzuwa lisalowe.*

Arminda sanathe kuyamba mzere wachitatu. Timizere take tinadutsa tokha, totuwa, madzi a m'beseni akuthirabe. Anaika maikolofoni patebulo, nagwira dzanja la mayiyo, n'kulitembenuza, n'kuliyang'ana kunsi ndi kumwamba, ngati akufuna pomwe linapulumukira.

Luciana anali atakhala pansi, msana kukhoma. "Anandiuza kuti ndiphe nkhuku yaikulu ija," anatero, akulankhula ndi bondo lake. "Ndinamufunsa kuti kukubwera ndani. Anati, iwe ungophika, ukayamba kufunsa unena kwa amayi, pakamwa pako ndi pa wailesi." Anaseka, kenaka kusekako kunasanduka kulira kwenikweni, koyamba chiikireni maliro, kopanda mkwiyo mkati.

Cristóvão anayenda mpaka patebulo, nayang'ana pagalasi nthawi yaitali. "Fábio adzafuna kwina," anatero, natuluka kukaima pansi pa msawu, atafulatira nyumba.

Nyimbo itatha, pagalasi panatuluka timabokosi tiwiri tolembamo mayina a oimba. M'kapamwamba Denilson anali atalembamo kale: *Amayi*. M'kapansi anali atalemba kuti *Amayi aang'ono*, nasiya malo patsogolo pake, pomwe kachizindikiro kankaphethira, kudikira.

Luciana anadzuka, napukuta zala pakapulana. "Apa anasiya malo," anatero. "Ndilembe kuti amake Smart?"

Mlendoyo anayang'ana Arminda. Milomo ya Arminda inali ikugwedezeka kale, ikuyesa dzina lomwe inaleka kutchula ali mtsikana, koma anaigwira ndi mano. Analimbitsa dzanja lija.

"Nena ndiwe," anatero. "Ndimve."

Mayiyo anapuma, natembenukira kwa Luciana.

"Lemba kuti Bernardina."